Kuyezetsa khomo la chiberekero: zomwe ndimauza amayi asanakwere pabedi

Tsiku loyeza likafika, ndisanaitane munthu woyamba, ndimayala patebulo thonje, tochi, zitsulo zochokera kowiritsa ndi botolo la viniga. Amayi ambiri akaona botololo amandiyang'ana kawiri. Mayi wina wa ku magolosale anachita kundifunsa kuti, "Anamwino, ameneyu si viniga wothira tchipisi pachiwaya uja?" Ndinawayankha kuti ndi yemweyo. Kusiyana kwake n'kwakuti ife timaonetsetsa kuti mphamvu yake ili pakati pa 3 ndi 5 pa 100, osati wosungunula ndi madzi ngati wa pamsika. Viniga ameneyu, mphindi imodzi yokha, amatha kuonetsa matenda omwe akanadzapha mayi patapita zaka khumi.

Ndine namwino komanso mzamba pachipatala china chaching'ono cha kumudzi, ndipo ntchito yoyeza khansa ya khomo la chiberekero ndinaipempha ndekha. Azakhali anga, alongo awo a bambo, anamwalira ndi matendawa ine ndili kusukulu ya unamwino. Anali atasiya kusamba kalekale, kenako magazi anayambanso kubwera pang'onopang'ono, iwo n'kumati msambo wabwerera. Anamwa zitsamba chaka chathunthu. Pomwe ndinkapita kukawaona patchuthi, anali atasiya kupita ku Mvano chifukwa cha fungo, ndipo ankakhala okha kuseri kwa nyumba atayala thumba pampando. Nsanza zawo ankachapa usiku kuti ana asaone. Atafika kuchipatala, madokotala anati palibenso chochita koma kuchepetsa ululu. Zomwe ndilembe panozi ndi zomwe ndikanawauza zaka khumi m'mbuyo mwake, akadali athanzi, akulima okha munda wawo wa mtedza.

Choyamba mudziwe kuti khansa imeneyi sibwera ngati malungo, oti lero uli bwino mawa wagona. Gwero lake ndi kachilombo kotchedwa HPV, komwe anthu amapatsirana pogonana. N'kofala kwambiri moti anthu ambiri amene anakhalapo malo amodzi ndi munthu amakatenga nthawi ina, amuna ndi akazi omwe, ndipo ambiriwo thupi limakachotsa lokha pasanathe zaka ziwiri iwo osadziwa n'komwe. Vuto limakhalapo pamene kachilomboka kakanirira pakhomo la chiberekero n'kuyamba kusintha maselo a pamenepo. Amene anatulukira zimenezi ndi wasayansi wa ku Germany, Harald zur Hausen, yemwe pamodzi ndi anzake anapeza mitundu iwiri yoopsa kwambiri, HPV 16 mu 1983 ndi HPV 18 mu 1984, pa nthawi yomwe akatswiri ambiri ankaloza chala kachilombo kena ka herpes. Mu 2008 analandira mphoto ya Nobel. Pa amayi 10 aliwonse odwala khansayi, pafupifupi 7 imakhala itayambitsidwa ndi mitundu iwiri yokhayi.

Kuchokera pamene maselo ayamba kusintha kufika pokhala khansa yeniyeni, pamadutsa zaka 15 mpaka 20 kwa mayi amene chitetezo chake cha m'thupi chili bwino. Kwa amene chitetezo chatsika, monga mayi yemwe ali ndi HIV koma sakumwa mankhwala, zimatha kutenga zaka 5 mpaka 10. Zaka zonsezo mayi samva kupweteka, sataya magazi, amabereka, amalima, amayenda ulendo wake. Ndipo zaka zimenezo ndi zomwe ife timatha kuchitamo kanthu mosavuta. N'chifukwa chake ndimawawidwa mtima ndikamva mayi akunena kuti, "Ine ndikayezetse chiyani, sindikumva paliponse kuwawa." Amene sakumva kuwawayo ndi amene tikumufuna. Malawi ndi limodzi mwa mayiko omwe matendawa ndi ochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo chiyerekezo cha 2020 cha nthambi yofufuza za khansa ya bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO chinaonetsa kuti pachaka amayi oposa 4,000 amapezeka nayo, ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira. Ambiri mwa iwo amafika kuchipatala mochedwa ngati azakhali anga.

Ndani ayenera kubwera? Kuno kwathu timaitana makamaka amayi a zaka 25 mpaka 49, kaya ali pabanja, kaya ndi amasiye, kaya banja linatha. Ngati mukumwa ma ARV, musadikire kuti wina akukumbutseni. Funsani tsiku lomwe mwabwera kudzatenga mankhwala, chifukwa mayi yemwe ali ndi HIV chiopsezo chake chodwala khansayi n'chokwera pafupifupi kasanu ndi kamodzi kuposa mnzake. Amene mwapitirira zaka 50 ndipo simunayezetsepo, bweraninso. Munthu akasiya kusamba, malo omwe timafuna kuona aja amabisala m'kati ndipo viniga sathandiza kwenikweni, koma tikhoza kukupimani ndi kukutumizani koyenera. Ndipo aliyense, msinkhu uliwonse, amene akutuluka magazi akagonana, kapena pakati pa msambo ndi msambo, kapena atasiya kale kusamba, kapena ali ndi chikazi chonunkha chosamva mankhwala, ameneyo asadikire tsiku loyeza. Apite sabata yomweyo ndipo anene mosabisa zomwe akuona.

Pokonzekera palibe chovuta. Sankhani tsiku lomwe simuli kumwezi, chifukwa magazi amaphimba zomwe tikufuna kuona. Sambani monga mwa masiku onse, kunja kokha. Musalowetse sopo, zala, nsalu kapena zitsamba m'kati pofuna kuti mufike muli oyera. Zimenezo zimatupitsa khomo ndipo zimatisokoneza. Idyani chakudya chanu. Tengani buku lanu la kuchipatala, chitenje chapadera, ndi padi kapena kansalu koyera. Mukafika, pitani mukataye madzi musanalowe, mudzamva kupepuka pogona. Ngati muli ndi pakati kapena mukukayikira, nenani poyambirira. M'zipatala za boma kuyezetsaku n'kwaulere.

Tsopano za m'chipinda, pomwe pali mantha ambiri. Mphekesera yomwe ndaimva kangapo ndi yoti timatulutsa chiberekero, n'kuchitsuka, kenako n'kuchibwezera. Mayi wina wachikulire anandiuza kuti mnzake anamuchenjeza kuti akapita, chiberekerocho amachiika m'beseni. Palibe chomwe chimatuluka. Ine ndimayamba ndaonetsa mayi chitsulo chomwe ndigwiritse ntchito, ndi kumupatsa kuti achigwire. Chimaoneka ngati mlomo wa bakha, ndipo ntchito yake ndi kungotsegula njira pang'ono kuti tochi iunike mpaka pakhomo la chiberekero. Mumagona chagada, mawondo mutapinda, chitenje chili pamimba ndi pantchafu. Chitsulocho chimazizira, ndipo polowa mumamva kukankha, koma mukamasula matako ndi kupuma mozama ndi pakamwa, sichipweteka. Amene amamva kuwawa kwambiri ndi amene amakunga thupi. Ngati chikukupwetekani, nenani, pali zitsulo zazing'ono. Ngati woyeza ndi wamwamuna ndipo simuli omasuka, muli ndi ufulu wopempha kuti m'chipindamo mukhale mayi wina, kapena kufunsa tsiku lomwe kudzakhale namwino wamkazi.

Khomo la chiberekero labwinobwino limaoneka lofiirira, losalala, lonyezimira ngati m'kati mwa tsaya, lili ndi kabowo pakati. Ndimaviika thonje mu viniga, n'kunyowetsa khomo lonse, kenako ndimayang'ana wotchi. Mphindi imodzi yathunthu, osaiduliza. Mumamva kunyerenyetsa pang'ono. Ngati pali maselo omwe ayamba kusintha, malowo amayera ngati mwadontheza mkaka, ndipo malire ake amaoneka bwinobwino pafupi ndi kabowo kaja. Njira imeneyi imatchedwa VIA. Ubwino wake ndi woti zotsatira mumazimva musanatsike pabedi. Njira yakale ya Pap smear, yomwe George Papanicolaou anaifalitsa m'zaka za m'ma 1940, inapulumutsa amayi ambiri ku Ulaya ndi ku America, koma imafuna labotale ndi katswiri woona pamakina oonera tinthu tating'ono, ndipo zotsatira zimabwera patapita milungu. Mayi wa kumudzi amene wayenda maola awiri wapansi, mukamuuza kuti abwerenso mwezi wamawa kudzamva zotsatira, nthawi zambiri simumuonanso.

Ndinene chilungamo, VIA imadalira diso la woyeza, ndipo diso limatha kuphonya kapena kuona zomwe palibe. N'chifukwa chake ndimakondwera ndi njira yatsopano yoyeza kachilombo ka HPV kenikeniko. Mu 2021 bungwe la WHO linalangiza kuti kumene kungatheke, imeneyi ikhale njira yoyamba. Sinafike m'zipatala zonse, koma funsani ngati kwanuko ilipo. Chosangalatsa chake n'choti mukhoza kudzitenga nokha zoyezazo. Amakupatsani kamtengo kokhala ndi thonje kapena kaburashi kunsonga, ndi kabotolo. Mumalowa kuseri kwa katani, mutasamba m'manja, osagwira nsonga ija. Mumakalowetsa kumaliseche mpaka pomwe mwamva kuti kafika, n'kukazunguza kangapo monga akulongosolerani, kenako n'kukaika m'botolo ndi kutseka. Basi. M'malo ena zoyezazo zimalowa m'makina a GeneXpert, omwe aja timayezera makhololo a TB, ndipo makinawo amamaliza pafupifupi ola limodzi, ngakhale kuti pamzere pakakhala za TB zambiri mumayenera kudikira kapena kubweranso. Akapanda kupeza kachilombo, malangizo a WHO amati mukhoza kukhala zaka 5 mpaka 10 musanayezetsenso, kapena zaka 3 mpaka 5 ngati muli ndi HIV. Akakapeza, sikuti muli ndi khansa ayi. Zikungotanthauza kuti tiyenera kuyang'ana khomo lija ndi viniga kuti tione chochita.

Apa ndipemphe chinthu chimodzi. Mukamva kuti muli ndi HPV, musakayambe milandu kunyumba. Kachilomboka kamatha kukhala m'thupi zaka zambiri mwakachetechete, ndipo palibe amene angadziwe kuti kanabwera liti kapena ndi ndani. Ndinaonapo mabanja akugwedezeka chifukwa cha nkhani yomwe mwina inayamba onse awiri asanadziwane.

Tikayeza ndi viniga, zotsatira zimakhala zitatu. Ngati khomo silinayere, timalemba m'buku tsiku lodzayezetsanso ndipo mumapita. Ngati taona chotupa kapena chilonda chomwe chikutikayikitsa kuti ndi khansa, timakutumizani kuchipatala chachikulu. Koma ambiri amene timawapeza ndi vuto amakhala a pakatipa: pali mawanga oyera, si khansa, koma akasiyidwa akhoza kudzasanduka khansa. Amenewa ndi amene timawathandiza tsiku lomwelo.

Chithandizocho amayi amangoti kuwotcha, ndipo dzina limeneli limaopsa anthu kuposa ntchito yake. Kuchipatala timati thermal ablation. Kachipangizo kake kamagwirika ndi dzanja limodzi, kamayendera batire, ndipo kunsonga kuli kachitsulo kozungulira kukula ngati ndalama yachitsulo. Kamatentha kufika madigiri 100. Timakagunditsa pamalo oyera aja kwa masekondi 20 mpaka 40, ndipo malowo akakhala otakasuka timabwereza pambali pake. Simubayidwa jakisoni kapena kugonekedwa. Zomwe mumamva ndi kupotokola m'munsi mwa mimba ngati msambo ukuyamba, ena amamva kutentha thupi kwa kanthawi. Ine ndimawerenga masekondiwo mokweza kuti mayi adziwe kuti zitha liti, ndipo nthawi zambiri ndikati tamaliza amafunsa kuti, "Basi?"

Kale tinkagwiritsa ntchito njira youmitsa malowo ndi mpweya wozizira kwambiri. Inkagwira ntchito, koma inkafuna masilinda akuluakulu olemera, odula, ndipo mpweya ukatha amayi ankabwezedwa mpaka wina adzabwere. Kuno ku Malawi, chipatala cha Nkhoma ndi chimodzi mwa zomwe zinatsogola kugwiritsa ntchito njira yowotchayi kuyambira 2013, mothandizana ndi akatswiri a ku Scotland, ndipo zomwe anapeza kumeneko zinathandiza kuonetsa kuti n'zotheka kuyeza ndi kuchiza tsiku limodzi m'dera la kumudzi. Mu 2019 WHO inaivomereza. Kachipangizoka timatha kukaika m'chikwama n'kupita nako kusikelo ya kumidzi. Kuwotchaku sikutseka kubereka. Khomo limapola ndipo mayi amatha kutenga pakati monga kale.

Ntchito yaikulu imatsala kunyumba. Kwa milungu iwiri mpaka inayi mudzaona madzimadzi ambiri akutuluka, nthawi zina osakanikirana ndi timagazi. Chimenecho ndi chilonda chikupola, musadandaule. Valani padi kapena kansalu koyera, kochapa ndi kuyanika padzuwa. Musalowetse kanthu kalikonse m'kati. Ndipo kwa milungu inayi musakhale malo amodzi ndi abambo. Apa ndi pamene amayi ambiri amagwetsa nkhope, n'kunena chapansipansi kuti, "Koma abambo akunyumba sakamva." Ndimawapempha kuti abwere nawo, kapena ndimalemba kakalata m'buku. Bambo wina atabwera anakhala pakhonde atavula chipewa, ndipo ndinamuuza kuti, "Bambo, mayiwa ali ndi bala m'kati, ngati bala la moto. Mukaligunda lisanapole lidzatuluka magazi ndipo litha kulowa matenda. Tikupempha mwezi umodzi wokha." Anangoti, "Akanandiuza chonchi sindikanavuta." Abambo ambiri savuta akamva kuchokera kwa ife. Zikakanikiratu, gwiritsani ntchito kondomu, makamaka ngati mmodzi wa inu ali ndi HIV, poti bala lotseguka limapereka mpata woti kachilombo kadutse. Mukamva kutentha thupi, kupweteka kwambiri m'munsi mwa mimba, chikazi chonunkha ngati mafinya, kapena magazi ambiri kuposa a msambo, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo.

Si mawanga onse omwe timawotcha. Akakuta gawo lalikulu la khomo, kupitirira magawo atatu mwa anayi, kapena akalowa m'kati mwa kabowo momwe kachitsulo sikangafike, timakutumizani kukachitidwa LEEP. Kumeneko amabaya jakisoni wochititsa dzanzi pakhomopo, n'kudula malo odwalawo ndi kawaya kopyapyala ka magetsi, ndipo kachidutswako amakatumiza ku labotale. Mumabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Kalata yotumizira ija musaisunge m'sutikesi podikira kuti mukolole kaye. Ndalama ya thiransipoti ikavuta, uzani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu kapena ife. Nthawi zina pamakhala galimoto yopita kuboma.

Chimodzimodzi ngati takayikira khansa. Kukayikira si kutsimikiza, ndipo chomwe chimatsimikiza ndi kachidutswa ka mnofu koyezedwa ku labotale. Kwa amayi a m'mbali mwa nyanja ndi m'madambo a mpunga, likodzo limathanso kuyambitsa zilonda pakhomo la chiberekero ndi kutulutsa magazi pogonana, choncho nenani ngati mumachapa kapena kusamba m'madzi oterowo. Ikapezeka kuti ndi khansa koma ikadali pachiyambi, opaleshoni yochotsa chiberekero imatha kuchiza. Maopaleshoni otere amachitika m'zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, komwe bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières linayamba kuthandiza pa matendawa mu 2018, ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Ikakhala kuti yafalikira, pamafunika mankhwala a khansa ndi chithandizo chowotcha ndi cheza. Ngakhale pamene kuchira sikungatheke, mankhwala a ululu monga morphine alipo, ndiponso mankhwala ochepetsa fungo. Palibe mayi woyenera kukhala kuseri kwa nyumba yekha ngati azakhali anga.

Mukabwera kudzayezetsa, ndidzakufunsaninso za ana anu aakazi. Katemera wa HPV anayamba kugwiritsidwa ntchito padziko mu 2006. Kuno anayesedwa koyamba m'maboma a Rumphi ndi Zomba kuyambira 2013, ndipo mu January 2019 anakhazikitsidwa dziko lonse kwa atsikana a zaka 9. Amaperekedwa adakali aang'ono chifukwa amateteza bwino mwana asanakumane ndi kachilomboka. Sachiza amene ali nako kale. Mu 2022 WHO inanena kuti kubaya kamodzi kokha kumatha kukwanira, kupatula kwa atsikana omwe ali ndi HIV, amene amafunika kubayidwa kawiri kapena katatu. Zoti katemerayu amaumitsa chiberekero ndi bodza, ndipo mwana wanga wamkazi ndinamugwira ndekha dzanja pomwe ankabayidwa kusukulu kwawo. Yang'anani m'buku la mwana wanu, ndipo ngati simukuona chizindikiro choti analandira, funsani alangizi a zaumoyo tsiku la sikelo.

Musanatuluke m'chipinda, onetsetsani kuti m'buku mwanu mwalembedwa zinthu zitatu: njira yomwe mwayezedwera, zomwe tapeza, ndi tsiku lodzabweranso. Ngati simutha kuwerenga, pemphani namwino akuuzeni mwezi wake ndipo muumangirize ku chinthu chomwe simungaiwale, kaya ndi nyengo yokolola, kaya yobzala. Amene mwawotchedwa kapena kuchitidwa LEEP mumabweranso pakatha chaka chimodzi kuti tione ngati malo aja anapola ndipo mawanga sanabwerere, chifukwa kwa amayi ena, makamaka omwe ali ndi HIV, amabwerera ndipo timayenera kuthandizanso. Ine tsikulo ndimalilemba ndi cholembera chofiira pachikuto penipeni pa buku, kuti ngakhale mwabwera ndi malungo kapena kudzatenga mankhwala olera, aliyense wotsegula bukulo alione.